WAYA WA BULEKI ANATSALA PANG'ONO KUPHA MANDOLA YA AGOGO

Amalume anga a ku Nkolokosa ndi munthu wosakonda kupempha. Tsono Loweruka lina atandiimbira foni n'kunena kuti "Mphwanga, tabwera kuno msanga, chinthu cha agogo ako chija chikufa," ndinasiya zonse n'kukwera minibasi, mtima uli phaphapha poganiza kuti kwagwa matenda.

Ndinawapeza ali pakhonde atafukata choimbira chimene ife tonse tinakula tikuchitcha "kagitala ka agogo". Dzina lake lenileni ndi mandola. Malemu agogo anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo komwe anakhala zaka zambiri pa utchona, ndipo chimwalirireni iwo inangokhala pamwamba pa kabati. Amalume anaitsitsa chifukwa mwana wawo wamkazi ali ndi chinkhoswe, ndipo analumbira kuti tsiku limenelo adzaimba nyimbo imene bambo awo ankakonda.

Vuto linali nsambo. Mwa zisanu ndi zitatu zija zinatsala zitatu, zadzimbiri. Mnyamata wina woimba banjo pamsika anawauza kuti asavutike, anamasula waya wa buleki ya njinga n'kumangapo. Patangotha sabata ziwiri, nkhope ya mandola inayamba kulowa m'kati ngati mbale, ndipo pafupi ndi kamtengo kamene nsambo zimatsamirapo panaoneka mng'alu. Abale, thabwa lake n'lopyapyala ngati chikuto cha buku!

Sindikumunyoza mnyamatayo ayi. Iye anachita zimene Amalawi takhala tikuchita kuyambira kale, ndipo zatitengera kutali. Banjo ya chigubu cha mafuta kapena ya chikopa cha mbuzi imalira bwino ndi waya wa buleki kapenanso twaini wowedzera nsomba. Alan Namoko, katswiri wosaona wa ku Thyolo amene anatisiya mu 1995, anagwedeza dziko lino ndi banjo ndi gulu lake la Chimvu Jazz. A Kasambwe Brothers a ku Ndirande anatchuka ndi zoimbira zopanga okha. Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe anamwalira mu 1987, ankachotsa dala nsambo imodzi pa gitala kuti zitsale zisanu, n'kumachuna mwa njira yake. Anyamata a Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wa nsambo imodzi yokha. Koma zindikirani kuti wopanga banjo amayamba wapeza waya, kenako n'kusema mtengo wolimba woti upirire wayayo. Mandola inapangidwa mosemphana: mmisiri anapala thabwa poganizira nsambo za muyezo wake, ndipo ukaipatsa zina imakana.

Tinanyamuka ndi amalume kukasaka nsambo m'tauni. Tinalowa masitolo atatu ogulitsa zoimbira, ku Blantyre ndi ku Limbe, koma paliponse yankho linali limodzi: "Mandola n'chiyani, madala?" Mtsikana wina anatitulutsira za gitala wa magetsi ati zonse n'chimodzimodzi. Amalume anatsala pang'ono kulipira, ine n'kuwagwira dzanja.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire amene amakonza magitala a makwaya kuseri kwa nyumba yake cha ku Zingwangwa. Asananene chilichonse anatenga tepi n'kuyeza kuchokera pamene nsambo zimayambira kumutu kukafika pa kamtengo kotsamirapo kaja. Anapeza masentimita 42.

"Achimwene, mwachita mwayi kuti simunapeze za mandolini," anawauza amalume. "Mukanaganiza kuti mwalemera."

Mandolini ndi mng'ono wake wa mandola. Nsambo zake zimatalika pafupifupi masentimita 35 ndipo amaichuna G, D, A, E. Mandola ndi yaikulupo, mawu ake ndi otsika, ndipo amaichuna C, G, D, A, chimodzimodzi banjo ya nsambo zinayi imene azungu amaitcha tenor. Nsambo zimakhala ziwiriziwiri, ndiye kuti magulu anayi. Ukatenga nsambo za mandolini n'kuzikunga pa mandola kuti zifike pa mawu a mandolini, yaing'ono ija imaduka, mwinanso kukulasa m'diso. Ukazitsitsa kuti zifike pa C, G, D, A zimakhala lende, zongobwebweta pa zitsulo za pakhosi. Lamulo lake ndi lakuti nsambo ikakhala yaitali, yonenepa, kapena ukafuna ilire mokweza, imafuna kukungidwa kwambiri. Nsambo zisanu ndi zitatu zikakungidwa pamodzi zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ndiye taganizani waya wa buleki, amene palibe anayeza kunenepa kwake, akukoka thabwa louma la zaka zoposa makumi asanu.

Apa m'pamene bamboyo anatiphunzitsa kuwerenga manambala a papaketi, amene ine ndinkayesa zokongoletsa chabe. Manambalawo amanena kunenepa kwa nsambo: 10 ndiye kuti magawo khumi mwa magawo 1,000 a inchi. Nsambo zopangira mandola zenizeni, zopepukirapo, zimakhala cha m'ma 14, 23, 34 ndi 49. Tsono paketi ya gitala wamba wa nsambo zachitsulo yolembedwa 10 mpaka 47 imakhala ndi 10, 14, 23, 30, 39 ndi 47. Mwaona? Ukagula mapaketi awiri n'kutengamo yachiwiri, yachitatu, yachinayi ndi yachisanu n'chimodzi, wapeza 14, 23, 30 ndi 47, ziwiriziwiri. Ya G imafewerako pang'ono, koma kwa choimbira chokalamba ndiponso chovulala kale, kufewa n'kwabwino kuposa kuuma. Zotsalazo mupatse mwana wa kwaya.

Anatichenjeza kuti tisagule za nayiloni chifukwa sizingagwedeze thabwalo, ndiponso tisagule za gitala wa magetsi ngakhale paketi itayamba ndi 10, poti kawirikawiri yachitatu yake imakhala yosakulunga, pomwe D wa mandola amafuna yokulunga.

Panatsala kamodzi. Nsambo ya gitala imathera ndi kamkanda kachitsulo, pamene mandola ya agogo ili ndi timbedza tofuna nsambo yothera ndi kagonga ngati msampha. Bamboyo anapana kamkandako pang'onopang'ono ndi pulaya mpaka kanasweka, kagonga n'kutsala bwinobwino. Ine nditayesa ndinadula nsambo imodzi ya 14, ndipo ulendo wobwerera ku Limbe kukagula paketi yachitatu unatuluka m'thumba langa. Amalume sanandithandize ngakhale tambala, ati mtolankhani azigwira cholembera basi.

Mng'alu uja anaumata ndi guluu wa matabwa n'kuikira kachipapati m'kati, ndipo mandola inagona kwa iye masiku anayi. Anatiuzanso chinthu chimene mnyamata wa pamsika uja sanadziwe: kamtengo kotsamirapo nsambo sikomatidwa, kamangogwidwa ndi nsambozo. Ukachotsa zonse nthawi imodzi kamagwa, ndipo ukakabwezera pena paliponse nyimbo imasokonekera ukamakwera khosi. Malo ake umawapeza poyeza: mtunda wochokera kumutu kufika pa chitsulo cha nambala 12 ufanane ndi wochokera pa chitsulocho kufika pa kamtengoko. N'chifukwa chake posintha umachotsa imodzi n'kuikapo imodzi.

Kuchuna tinachita ndi foni ya mdzukulu wawo, imene imaonetsa chilembo ukakhudza nsambo. Amalume poyamba anakana, ati bambo awo ankachuna ndi khutu, koma atalimbana ndi nsambo ziwiri za C kwa theka la ola osagwirizana, anaitana okha mwanayo. Bambo wokonza uja analangiza kuti sabata yoyamba tichune motsikirako pang'ono kuti thabwa lizolowere katundu, ndipo tsiku lililonse amalume amaika rula pankhope ya mandola kuona ngati ikulowanso. Mpaka pano sinasunthe.

Chinkhoswe chili kumapeto kwa mwezi uno. Dzulo madzulo ndinawapeza akuyeserera pakhonde, zala zitatupa, azakhali akudandaula kuti nyimbo ndi imodzimodzi kuyambira m'mawa. Mnyamata wa banjo uja analinso pompo, atakhala pa njerwa, akupempha nsambo zotsala zija za 10 ndi 39 kuti akayese pa chigubu chake.