Chifundo chimene chimapha tiana ta mbalame

Mvula yoyamba ikagwa ndi mphepo yake mu Novembala ndi Disembala, pansi pa mitengo ya mango ndi m'makonde mumapezeka tiana ta mbalame. Mbalame zambiri zimaswa nyengo imeneyi chifukwa ngumbi, mphutsi ndi ziwala zodyetsera ana zimakhala mbwee. Ana a sukulu akatola kamodzi amakagoneka m'katoni, n'kukapatsa nsima ndi madzi. Kukacha kamapezeka katauma gwa, chonsecho palibe amene wakachitira nkhanza.

Kawirikawiri kambalame kotero si kamasiye. Chofunika musanakatole n'kuyang'ana nthenga zake.

Ngati kali ndi nthenga thupi lonse, mchira waufupi, ndipo kakudumphadumpha, sikanagwe mwangozi. Mwana wa pumbwa amatuluka m'chisa atatha masabata awiri okha kapena kuchepera apo, asanadziwe bwino kuuluka. Amatha masiku angapo m'tchire ndi m'nthambi zam'munsi, makolo akumubweretsera chakudya. Phokoso la mbalame zazikulu pamwamba panu ndi chizindikiro choti eni ake alipo. Ntchito yanu n'kutsekera mphaka ndi galu, n'kuuza anyamata kuti apumitse malegeni. Kakakhala pamsewu kapena padzuwa, kasunthireni pachitsamba chapafupi, pamene makolo angamve kulira kwake.

Kamene kali ndi khungu lokhalokha, kapena maso sanatseguke, ndiko kofunika dzanja la munthu. Kotero sikatha kudzitenthetsa kokha, ndipo kuzizira kumakapha msanga kuposa njala. Kafunditseni m'manja kufikira katenthe, kenako kabwezereni m'chisa. Ambiri tinakula tikumva zoti mukagwira mwana wa mbalame make amamukana chifukwa cha fungo la munthu. Si zoona. Chimene chimathamangitsa makolo ndi anthu ounjikana pansi pa mtengo.

Chisa chikakhala kuti chaphwasuka, tengani kadengu kapena kachitini ka pulasitiki, boolani pansi kuti madzi a mvula azituluka, yalanimo udzu wouma, ndipo mangirirani panthambi pafupi ndi pamene panali chisacho. Mukatero talikirani, muziyang'ana muli patali kwa ola limodzi kapena awiri. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, makamaka ngati pakhomo pali nkhuku.

Pa zakudya ndi pamene ambiri amalakwitsa. Khomo la mpweya la mbalame lili kuseri kwa lilime, choncho madzi othiridwa m'kamwa amatha kulowa m'mapapo. Mkaka wa ng'ombe mbalame sizigaya. Nsima ndi buledi zimangodzaza mimba popanda zomanga thupi. Ngakhale mpheta, zimene zimadya mbewu zikakula, zimalera ana awo ndi tizilombo, ndipo zimawadyetsa kangapo pa ola lililonse kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Njiwa ndi nkhunda zimadyetsa ana chakudya chonga mkaka chochokera m'chithokomiro mwawo. Palibe khitchini imene ingafanizire zimenezi.

Kambalame kotuluka magazi, kothyoka phiko, kapena kamene kanali m'kamwa mwa mphaka n'kofunika akatswiri, ngakhale bala lisakuoneka, popeza malovu a mphaka ali ndi tizilombo topha mbalame m'masiku ochepa. Kaikeni m'katoni yoboola, pamalo amdima ndi achete, osakadyetsa kanthu, ndipo dziwitsani ofesi ya nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre, amene amalandira nyama zovulala ndi zamasiye. Dziwaninso kuti lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kusunga kapena kugulitsa mbalame zotetezedwa popanda chilolezo.

Amene amaona zakuda kwambiri ndi ana a kadzidzi. Akagwa kuchokera m'denga la tchalitchi kapena la sukulu, amagendedwa poganiziridwa zaufiti, pamene makolo awo usiku uliwonse amagwira makoswe amene amatha chimanga m'nkhokwe. Mwana wa kadzidzi wa m'denga makolo samudyetsera pansi, choncho ayenera kubwezeredwa m'mwamba dzuwa lisanalowe. Womunyamula akulunge manja ndi nsalu yochindikala, chifukwa zikhadabo zake n'zakuthwa ngakhale akadali wamng'ono.