MPIKISANO WA TIMAKINA TA M'THUMBA

Masiku ano munthu akaturutsa lamya m'thumba mwace ndi kuwerengamo kalata yocokera kutali, palibe amene azizwa. Koma cinthu cimeneci sicinabwere tsiku limodzi ai. Cinabadwa pa mpikisano waukuru wa makampani, ndipo ambiri mwa amene anayamba ulendowo anagwa panjira.

Poyamba panali timakompyuta ta m'manja tosakhoza kutumiza mau kutali. Nchito yace inali kusunga maina a anthu, kukumbutsa masiku a misonkhano ndi kuwerengera ndalama. Kampani ya Psion ya ku London inaturutsa kamakina kotere m'caka ca 1984. M'caka ca 1993 kampani ya Apple ya ku America inaturutsa kace, dzina lace Newton. Eni ace anati munthu azingolemba ndi dzanja pagalasi, makinawo aziwerenga okha. Koma kawirikawiri Newton inali kulakwa powerenga, mtengo wace unali ngati madola 700, ndipo m'caka ca 1998 Apple inaleka kuipanga.

Amene anaona bwino pamene panali bvuto ndiye Jeff Hawkins, woyambitsa kampani ya Palm m'caka ca 1992. Iye anadula kathabwa kolowa m'thumba la malaya, nayenda nako masiku ambiri, akumakaturutsa ngati makina enieni, kuti adziwe zimene munthu afunadi pa nchito yace. Anaganizanso kuti m'malo moti makina aphunzire dzanja la munthu ali yense, munthu ndiye aphunzire kalembedwe kamodzi kosabvuta, kamene anakacha Graffiti. Motero m'caka ca 1996 kunaturuka Pilot, pa mtengo wa madola 299. Mabatire awiri ang'ono anali kukwanira masabata angapo, ndipo pa caka cimodzi ndi theka timakinato tinagulidwa toposa 1,000,000.

Pamene malonda akoma, opikisana sacedwa kufika. Kampani yaikuru ya Microsoft inalowamo m'caka ca 1996 ndi Windows CE, ndipo m'caka ca 2000 inabwera ndi Pocket PC. Makina a mtundu umenewu, monga iPAQ ya Compaq, anali ndi galasi loonetsa mitundu ndiponso anali kuimba nyimbo, koma anali odula ndi otha batire msanga. Ku Palm nako kunalibe mtendere. Kampaniyo inali itagulidwa, nikhala m'manja mwa 3Com, ndipo m'caka ca 1998 Hawkins ndi anzace awiri, Donna Dubinsky ndi Ed Colligan, anacoka nayambitsa Handspring. Tsono Palm inayamba kulimbana ndi anthu omwe anaibala.

Koma nkhondo yeniyeni inali ya mau oyenda mumlengalenga. Timakina toyamba tinali kulandira nkhani zatsopano makamaka pamene mwini wace watilumikiza ndi waya ku kompyuta ya pa tebulo. Wailesi ya m'nyumba imangolandira mau. Kamakina ka m'thumba kanafunika kulandira ndi kutumiza komwe, koma batire osatha msanga. M'caka ca 1999 kunaturuka Palm VII, ya madola 599, yokhala ndi kamlongoti koimika. Njira imene inali kuyendamo inali yocedwa, kotero inali kungotenga zidutswa zazing'ono za nkhani, ndipo mwini wace anali kulipira mwezi ndi mwezi. Caka comweco kampani ya Research In Motion ya ku Waterloo, m'dziko la Canada, inaturutsa BlackBerry. Imeneyi siinali kudikira kuti munthu afunse ngati kwabwera kalata. Kalata inali kufika yokha nthawi yomweyo. Anthu a malonda ndi a boma anaikonda kwambiri cifukwa ca ici.

Ku Ulaya, Psion inaona kuti lamya ndi kompyuta zidzakhala cinthu cimodzi. M'caka ca 1998 inagwirizana ndi Nokia, Ericsson ndi Motorola kuyambitsa Symbian, ndipo m'caka ca 2001 inaleka kupanga timakina ta anthu wamba. Handspring nayo inaturutsa Treo m'caka ca 2002, lamya ndi kompyuta m'cikopa cimodzi, ndipo caka cotsatira inabwerera kukaphatikana ndi Palm.

Pomariza, munthu sanafune kunyamula zinthu ziwiri pamene cimodzi cikhoza kugwira nchito zonse. Apple, imene inagwa ndi Newton, inabweranso m'caka ca 2007 ndi iPhone, ndipo anthu ambiri anatembenukira kumeneko. Palm inagulidwa ndi Hewlett-Packard m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2011 mwini watsopanoyo analeka kupanga makina ace. Komabe maina, masiku a misonkhano ndi makalata amene anthu asunga m'malamya ao lero ndizo zomwe Hawkins anali kuyesa ndi kathabwa kace kaja.