Nsungwi, pepala ndi babu: nyale yomwe inadzutsa luso lomwe linkafa

Mukamayendayenda pa Instagram kapena Pinterest mwina mwaionapo nyale yoyera, yozungulira ngati mwezi, italendewera pabalaza la anthu opata bwino. Poiona munthu amangoti ndi zamafakitale. Ayi ndithu, yeniyeniyo imapangidwa pamanja, ndipo zipangizo zake ndi nsungwi, pepala, guluu ndi waya basi.

Nkhani yake inayamba mu 1951 mumzinda wa Gifu ku Japan. Mzindawu unkadziwika kalekale ndi nyale za mapepala zoikamo kandulo, koma magetsi atafala malonda analowa pansi. Meya wa mzindawo anapempha katswiri wosema ziboliboli, Isamu Noguchi, yemwe anabadwira ku Los Angeles mu 1904, kuti awathandize nzeru.

Noguchi sanataye luso la amisiri akumeneko. Anachotsa kandulo n'kuikamo babu, kenaka anasintha maonekedwe. Zina zinatuluka zobulungira ngati dzungu, zina ngati dzira, zina zazitali zokhotakhota. Anazitcha Akari, mawu a Chijapani otanthauza kuwala. Pomwe amamwalira mu 1988 n'kuti atapanga mitundu yoposa 100, ndipo kampani ya Ozeki ya ku Gifu komweko ikuzipangabe pamanja mpaka lero.

Kapangidwe kake kali chonchi. Mmisiri amayamba ndi chikombole cha timatabwa tolumikizana. Pachikombolepo amakulunga nsungwi zong'ambidwa mopyapyala, kuzungulira kuchoka pamwamba mpaka pansi. Akatero amapaka guluu n'kumata pepala lotchedwa washi, lopangidwa ndi makungwa a mtengo wa mtundu wa mabulosi. Zikauma amamasula timatabwa tija n'kutitulutsira pakamwa pa nyaleyo kamodzikamodzi. Chotsala ndi chigoba chopepuka chomwe chimapindika n'kukhala chaphwatalala, chosavuta kutumiza kutali. Kawaya kamkati ndi komwe kamachitambasulanso.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Nsungwi tili nazo, ndipo manja oluka malichero, madengu ndi mono alipo m'midzi mwathu. Komatu olukawo akulimbana ndi mabeseni apulasitiki monga momwe a ku Gifu ankalimbanira ndi magetsi. Wachinyamata amene angakhale pansi ndi woluka, wina kubweretsa maganizo wina luso, akhoza kutulutsa chinthu chomwe malo ogona alendo ndi malesitilanti angachifune.

Ngati mwakopeka, musathamangire kugula zipangizo zambiri. Sankhani chinthu chimodzi chachilengedwe, kaya chikho, chipatso cha malambe kapena chisa cha mbalame. Chijambuleni pa foni mbali zonse, muone chomwe chimachipatsa maonekedwe akewo. Kenaka pangani kanyale koyeserera, kakang'ono, ndi chikombole cha katoni.

Mayeso enieni amachitika usiku. Zimitsani magetsi, ikani tochi ya foni m'kati, muyang'ane. Kodi kuwala kukuthobwa m'maso? Ndiye kuti pepala lapyapyala kwambiri kapena babu ili pafupi ndi kukamwa. Mukuona mizere yakuda yambirimbiri? Nsungwi zathithikana. Pamene mapepala asanjikizana pamaoneka mdima, choncho malumikiziro akhale owongoka. Onaninso ngati chikombole chikutuluka osang'amba pepala, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Koyamba kakapanda kukoma musadandaule, ntchito yake inali kukuonetsani zolakwika zisanakudyereni ndalama.

Pali zinthu ziwiri zosachita nazo masewera. Choyamba ndi moto: gwiritsani ntchito babu ya LED yomwe siitentha kwambiri, isakhudze pepala, ndipo kandulo asayandikire n'komwe. Za mawaya asiyireni odziwa zamagetsi. Chachiwiri, nsungwi zikhale zokhwima ndi zouma bwino, apo ayi zifumbwa nyale ili kale m'nyumba ya kasitomala.

Chinanso, musakopere Akari n'kumagulitsa ngati yanu. Tengani njira yake yokha, maonekedwe mukawapeze kumunda, kudambo kapena kunyanja kwanu konko.