Diso Limodzi Likamazima Mwakachetechete

Ambirife timathamangira kuchipatala diso likafiira, likamatuluka manthongo kapena likamaphwanya. Koma pali matenda ena amene sachita phokoso lotere. Amagwira diso limodzi lokha, ndipo poti linzake likuona bwinobwino, mwana amapitiriza kukopera notsi ndi kusewera mpira kwa miyezi, ife makolo osadziwa kanthu.

Amodzi mwa matendawa madokotala amawatchula mwachidule kuti DUSN. Anawapatsa dzinali ndi katswiri wa maso wa ku America, Dr. Donald Gass, pamodzi ndi anzake mu 1978. Ndi osowa ndithu, ndipo apezeka kwambiri ku Brazil, ku zilumba za Caribbean ndi ku America. Tikuwatchula muno chifukwa zina mwa nyongolotsi zimene akatswiri amazikayikira kuti ndizo zimawayambitsa, Toxocara canis ndi Ancylostoma caninum, ndi za m'mimba mwa agalu. Nanga ndi khomo liti ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula limene galu sadutsapo?

Galu akachita chimbudzi pabwalo, mazira a Toxocara amakhwima m'dothi pakatha sabata 2 mpaka 4, ndipo amakhala amoyo kwa miyezi yambiri. Mwana woumba zidole kapena wonyambita dothi amawameza. Nyongolotsi inayo imaboola khungu la woyenda wosavala nsapato. Kawirikawiri zimathera pomwepo. Koma nthawi zina kamphutsi kamodzi kamayenda ndi magazi mpaka kukafika pansi pa retina, kachikopa kakumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Nkochepetsetsa, nthawi zambiri sikafika ndi milimita imodzi yomwe, koma kamayendayenda m'menemo kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo paliponse kadutsa pamatupa. Mapeto ake mtsempha waukulu wa diso umafota. Ukafota basi, subwereranso.

Poyamba wodwala, amene nthawi zambiri ndi mwana kapena wachinyamata wathanzi lake, amaona timadontho takuda tikuyandama, kapena kachifunga pakati pa chinthu chimene akuyang'ana. Ena saona chachilendo chilichonse mpaka tsiku limene kachitsotso kalowa m'diso labwinolo, nkuzindikira kuti linalo linazima kale.

Nchifukwa chake tikuti kamodzi pamwezi tiziyesa ana athu. Mwana atseke diso limodzi ndi chikhatho, osasuzumira m'mipata ya zala, ndipo awerenge manambala a pa kalendala ataima patali. Kenako atseke linalo. Ntchito ya mphindi imodzi, yaulere. Ngati maso awiriwo akusiyana kaonedwe, kapena diso lina layamba kulozera kumbali, tisadikire tsiku la msika. Ndipo tikaona choyera pakati pa diso la khanda, limenelo ndi la lero lomwe, pakuti khansa ya m'diso imayambanso choncho.

Tikayambire kuchipatala chaching'ono, atitumize kwa a zamaso pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka. Tikanene momveka kuti vuto ndi la diso limodzi, kuti athire mankhwala okulitsa kamboni nkuunika mpaka kumbuyo. Pofunika akatswiri, njira imapita ku Zomba Central ndi ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queens ku Blantyre. Kanyongolotsi kakaoneka amakawotcha ndi laser. Kakabisala, monga kamachitira kawirikawiri, dokotala angapereke albendazole wa masiku 30 pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Kambulu kamodzi kamene ana amalandira kusukulu si mlingo wa matenda amenewa. Kuunika komweko kumagwiranso matenda ena a retina ofala kuposa awa, monga toxoplasmosis yochokera kwa amphaka ndi nyama yosapsa.

Za mkaka wa m'mawere, shuga kapena madzi a masamba tilekeretu. Vuto lili kumbuyo kwa diso, kumene zothirazo sizifika, ndipo zimangowonjezera chilonda kutsogolo.

Galu wathu tisamuthamangitse, amatilondera. Koma katemera wa chiwewe sapha nyongolotsi, choncho tifunse mlangizi wa ziweto za mankhwala ake, makamaka a tiana ta agalu, timene timakhala ndi nyongolotsi zambiri. Chimbudzi chake tiwole ndi khasu m'mawa uliwonse nkuchikwirira, mazira asanakhwime.