Kavalo wa ku Dowa ndi ng'ombe yapagoli

Wolemba Mtolankhani Wathu

Masika akafika, inu amalonda a mumsika waukulu wa Lilongwe, ku Kawale kapena ku Mchesi mumangoona malole akutsitsa mtedza, soya, nyemba ndi mbatatesi zochokera ku Dowa ndi ku Ntchisi. Koma funsani dalaivala wa lole ngati iye anakafika pamunda. Ayi ndithu. Lole imaima pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo kapena pa Mvera. Kuchoka m'zigwa ndi m'mapiri kudzafika pamenepo, katundu wanuyo amabwera pangolo, ndipo ngoloyo imakokedwa ndi chiweto chimene munthu wina anachiphunzitsa.

Ntchito yophunzitsa chiweto ndi ntchito ngati ina iliyonse, ndipo kunja kuli anthu amene amadyera pomwepo moyo wawo wonse. Otchuka kwambiri ndi ophunzitsa akavalo a mpikisano.

Mpikisano wina umene azungu amautcha eventing unalowa m'masewera a Olympics mu 1912 ku Stockholm. Uli ndi magawo atatu. Poyamba kavalo amaonetsa kumvera, kuyenda mwadongosolo ngati msilikali pa perete. Kenako amathamanga kutchire, kulumpha zipika, maenje ndi madzi. Pomaliza amalumpha mipanda m'bwalo osagwetsa mtengo ngakhale umodzi. Amuna ndi akazi amapikisana pamodzi. Kavalo amayamba kukweredwa ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, koma kuti afike pampikisano waukulu pamatenga zaka zina zingapo. Apa palibe chidule.

Nanga bwanji kuno kwathu akavalo ndi owerengeka? Ndalama ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu ndi matenda. Kuli nthenda ya akavalo imene imafalitsidwa ndi timbalame ayi, koma tizilombo ting'onoting'ono touluka, tocheperapo kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha. Timachuluka mvula ikamapita kumapeto mpaka nthawi ya masika. Nthendayi ikagwira akavalo osabayitsa katemera imatha kupha asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse. Mbidzi imayenda nako kachiromboka osadwala, ndipo bulu wa kuno amapirira. Onjezanipo kashembe, ntchentche ya kaodzera, imene imapezeka m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe inachita malire ndi boma la Ntchisi. N'chifukwa chake makola a akavalo mumawamva kumalo okwera ngati pa phiri la Zomba, kapena kwa anthu amene angathe kulipira katemera chaka ndi chaka.

Pa Nyika, kumene kumazizira koopsa, a David Foot anakhala zaka zambiri akukweza alendo pa akavalo ku Chelinda, kuwaonetsa mbidzi ndi nyama zina. Cha m'ma 2007 ntchito ija inatha. Iwo sanataye luso lawo, anakayamba ntchito yomweyo ku Botswana, m'madera a Makgadikgadi ndi Okavango. Malo anasintha, koma chimene anali nacho m'manja ndi m'mutu anapita nacho. Chimodzimodzinso abale athu ena amene anapita ku Joni, lero akugwira ntchito m'makola a akavalo cha ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Amadzuka usiku kusesa khola, kupesa akavalo ndi kuwakonzekeretsa mpikisano. Dzina lotchuka limakhala la wokwera, koma amene amayamba kudziwa kuti kavalo sanadye bwino ndi m'bale wathu uja.

Tibwerere kumudzi. Ku Dowa ndi ku Ntchisi kavalo wathu ndi ng'ombe yapagoli, ndipo m'madera ena ndi bulu. Ntchito imeneyi yakhala ikuwola anthu amene ntchito ya pamwezi inawathera mwadzidzidzi. Ulendo wa ku migodi wa Theba utayima mu 1988, amuna ambiri anabwerera kwawo, ndipo anzeru anaika ndalama zawo mu ng'ombe ndi ngolo. Mu December 1993 asilikali anaphwasula gulu la apayoniya, anyamata ambirimbiri n'kubwerera kukhasu. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale ankalimidwa m'maesiteti okha, ndipo mabelo anafuna owanyamula. Mu 2022 boma linatseka ADMARC kwa kanthawi n'kuchotsa antchito ake. Nthawi zonsezi funso linali limodzi: mawa tidya chiyani?

Koma musaganize kuti kugula mifule iwiri ndiye kuti mwalemera. Munthu wozolowera kulamula anthu mu ofesi amadabwa kuti ng'ombe siimva kalata yochenjeza. Mfule imayamba sukulu ili ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Masiku oyamba ndi ongozoloweza chingwe ndi dzanja la munthu, kuyenda nayo, kuyimitsa, kuitchula dzina mpaka izindikire mawu. Kenako goli. Odziwa amamanga yatsopano pamodzi ndi yakale yofatsa, kuti iphunzire kwa inzake. Zikazolowerana zimayamba kukoka chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, kenako matumba awiri atatu. Zonsezi zimatenga milungu ingapo, ndipo wophunzitsa amayenera kukhala yemweyo, mawu omwewo, tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wothamangira chikwapu amaononga chuma chake yekha. Ng'ombe yophunzitsidwa ndi ndodo imakhala yamantha, ndipo ng'ombe yamantha ndi imene imadzidzimuka njinga yamoto ikadutsa, n'kukagwetsera ngolo m'ngalande pamodzi ndi tomato wanu. Wophunzitsa kavalo wa mpikisano amadziwa zomwezo. Kavalo amene sakhulupirira womukwera amakana kulumpha dzenje, ngakhale mumukwapule bwanji.

Mayeso enieni amabwera nthawi ya masika, mu April ndi May. Msika wa fodya ku Kanengo umakhala utatsegulidwa, soya ndi mtedza zili pamkeka, chimanga chikukololedwa, aliyense akufuna ngolo tsiku lomwelo. Ubwino wake nthawi imeneyi ziweto zimakhala zonenepa chifukwa msipu udakalipo, ndipo kunja kumayamba kuzizira. Kuipa kwake misewu ya m'midzi imakhala itakumbika ndi mvula, ndipo nkhupakupa zimakhala zitachuluka. Nkhupakupa ndi zimene zimabweretsa chigodola, nthenda imene yatha ng'ombe zambiri m'chigawo chapakati. Kale kunali madibi a boma, koma m'zaka za m'ma 1990 ambiri anasiya kugwira ntchito, ndipo mwini ng'ombe anayamba kudzigulira yekha mankhwala opopera. Akuba ng'ombe nawonso anachuluka m'zaka zomwezo. Mfule imodzi ikafa kapena kubedwa, inzake imakhala lova, chifukwa goli silikokedwa ndi khosi limodzi.

Ndiye pali mapiri. Pamsewu wabwino, wopanda chitunda, ng'ombe ziwiri zamphamvu zingathe kukoka matumba 20 a makilogalamu 50. Koma amene anayendapo kuchokera ku Dowa boma kutsikira ku Mvera, kapena kuzungulira phiri la Ntchisi, akudziwa kuti kumeneko masamu ake ndi ena. Pokwera ng'ombe zimatha mpweya. Potsika ndiye poopsa, chifukwa ngolo zambiri zilibe mabuleki, katundu yense amakankha ziweto kuchokera kumbuyo. Ng'ombe yophunzira bwino imadziwa kuponda pang'onopang'ono ndi kugwira ngolo. Yosaphunzira imathamanga, ndipo mapeto ake ndi mwendo wothyoka, wa ng'ombe kapena wa mnyamata woyendetsa.

Abulu ali ndi dandaulo lawo. Ambiri amamangidwa m'goli la ng'ombe, chonsecho bulu alibe linunda. Mphamvu zake zili pachifuwa, ndipo mtengo wa goli umangomutupula khosi mpaka zilonda. Bungwe loona za ziweto la LSPCA, limene linayamba mu 2008 ku Lilongwe, lakhala likuphunzitsa eni abulu kugwiritsa ntchito malamba a pachifuwa m'malo mwa goli. Bulu wopanda zilonda amakoka bwino ndipo amakhala zaka zambiri.

Ena adzati zangolo n'zachikale, masiku ano kuli kabaza wa njinga zamoto ndi timalole ta matani awiri. Zoona. Koma kumbukirani mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi 2024, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wa thiransipoti utakwera, ng'ombe inapitiriza kudya udzu womwewo ndi mapesi omwewo.

Tsono inu okapikula katundu kumidzi, mukamakambirana mtengo ndi mwini ngolo, dziwani chimene mukulipira. Mukulipira milungu imene anathera pophunzitsa, mankhwala a nkhupakupa, ndi tulo timene sagona polondera khola. Akakuuzani kuti matumba awa achuluka pa chitunda ichi, musamukakamize kuti mupulumutse ndalama ya ulendo wachiwiri. Akati dzuwa lakwera, ziweto zipume ndi kumwa madzi, musamutche waulesi, pakuti ng'ombe imagwira bwino ntchito maola anayi kapena asanu patsiku, makamaka m'mawa. Mfule ikathyoka mwendo lero, chaka chamawa mudzafika pamudzi pomwepo ndi ndalama m'thumba, koma wokutulutsirani katundu kumsewu sadzapezeka.