KODI WOSAKANIZA NYIMBO N'KUMUTCHA WOIMBA?

Pokonzekera ukwati masiku ano kuno kwa Mponda, nkhani imene imautsa mkangano pakati pa akuluakulu ndi achinyamata, ikatha ya mpunga ndi chambo, ndi ya zoimba. Achinyamata amafuna DJ, ndiye kuti munthu uja amabwera ndi kompyuta, makina osakanizira nyimbo ndi zokuzira mawu. Akuluakulu amayankha kuti: "Nanga tilipire munthu chifukwa choliza nyimbo za eni ake? Si wailesi imeneyo?" Funso lomweli lavutitsanso anthu m'maiko akutali.

Ife a kunyanja kuno nkhaniyi tinaionera pafupi. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinayambira ku Chintheche mu 2004, chinachitikira pagombe la Nkopola m'boma lathu la Mangochi m'zaka monga 2010, 2011, 2014 ndi 2015. Mwini maganizo ake, Will Jameson wa ku England, anafikako ku Malawi ali mnyamata, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa zovina za usiku mumzinda wa Liverpool nazitcha Chibuku Shake Shake, dzina limene analiona pachikatoni cha mowa wamasese kuno kwathu. Zovina zimenezo zinali za ma DJ. N'chifukwa chake ku Nkopola magulu oimba ndi magitala ndi ng'oma, monga Foals a ku England amene anadza mu 2011, ankasinthana bwalo ndi anthu oima okha kumbuyo kwa tebulo, chomvera chili kukhutu. Onsewo maina awo ankalembedwa papepala limodzi, ndipo wolowa ankalipira mtengo umodzi.

Makolo anzathu, tiyambe tadziwa chimene munthu wa patebuloyo amachita, popeza kuweruza mlandu usanaumve n'kulakwa. Ntchitoyi ambiri amati inakulira ku Bronx, mu New York. Pa 11 August 1973 mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, wodziwika ndi dzina loti Kool Herc, analiza mbale paphwando limene mlongo wake anakonza kuti apezepo ndalama zogulira zovala za kusukulu. Iye anazindikira kuti ovina amatenthedwa kwambiri pamene woimba wakhala chete ndipo zatsala ng'oma zokha. Tsono anayamba kutenga mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi, n'kumabwereza kachigawo kang'oma kaja, ikatha pambale iyi ayambe pa inayo, kotero kuti kanthu kamphindi kochepa kankasanduka gule wautali.

Luso lalikulu lagona pa kulumikiza. Nyimbo iliyonse ili ndi liwiro lake. Za mtundu wa house zimagunda kuyambira ka 120 kufikira ka 130 pamphindi imodzi, pamene amapiano a ku South Africa, amene ana athu awakonda chotere, amayenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Nyimbo ina ili mkati, DJ amamvetsera yotsatira yekha kukhutu, naifulumizitsa kapena kuichedwetsa kufikira kugunda kwake kutagwirizana ndi kwa yoyambayo, ndipo amailowetsa ovina osaphonya phazi. Akalakwitsa, zimamveka ngati akazi awiri osinja mumtondo umodzi amene misi yawo yawombana, ndipo bwalo lonse limadziwa.

Apa ndi pamene ife tiona kuti akuluakulu aja alakwa pang'ono. Taganizani za mkulu wa ng'oma pa beni kapena pa manganje. Kaimbidwe kameneko sanakapeke ndiye. Anakapeza kwa makolo. Chimene timamutamandira n'chakuti maso ake ali pamiyendo ya ovina: akaona kuti atopa amatsitsa, akaona kuti magazi atentha amakoka. DJ wodziwa ntchito yake amachitanso chimodzimodzi. Amaona kuti azakhali a mkwati akhala pansi nthawi yaitali, nawaponyera nyimbo ya malemu Lucius Banda kuti adzuke. Pofika pa perekaniperekani amadziwa pofupikitsa ndi potalikitsa. Wailesi singathe zimenezo, chifukwa siona munthu.

Komabe achinyamata nawonso asatengeke. Wang'oma uja mawu amawatulutsa ndi zikhato zake pachikopa chimene anachiwamba yekha pamoto, pamene DJ mawu onse anawatola kwa ena. Tingamutche mmisiri wosanja, ndipo ntchito yake imachitikadi pamaso pathu, koma dzina loti woimba ife tikanalisungira iye amene atulutsa mawu pakhosi kapena pansambo. Ndiponso makina a masiku ano amatha kugwirizanitsa okha liwiro la nyimbo ziwiri munthu akangodina kabatani. Choipa koposa, alipo ena amene amajambuliratu zonse kunyumba, n'kudzaima pabwalo akugwedeza manja pamwamba pa makina amene akudziyendera okha. Mu 2012 Joel Zimmerman wa ku Canada, wotchuka ndi dzina loti deadmau5, anaulula poyera kuti iye ndi anzake ambiri pabwalo amangodina batani loyambitsira nyimbo, ndipo anzakewo sanakondwere naye. Ameneyo ndiye wailesi imene akuluakulu aja amanena.

Tisaloze chala kutali. Ndi kangati talipira pakhomo kuti tikaone woimba, n'kupeza kuti wangobwera ndi CD ndipo akuyendetsa milomo pamwamba pa mawu ake omwe? Ngakhale makwaya athu ena aleka kuomba m'manja ndi kugwedeza visekese, amadikira kiyibodi iyambe kugunda yokha. Ngati tidzudzula mnyamata wa patebulo, amenewanso tiwafunse funso lomwelo: kodi anthu atasintha, kapena mvula itagwa, kapena nkhalamba itapempha nyimbo ina, mungathe kusintha pomwepo?

Mbali imene imatidetsa nkhawa ndi ya m'thumba. Gulu loimba la anthu asanu ndi atatu lifuna galimoto, chakudya ndi malipiro a onsewo. DJ ndi mmodzi, mwina ndi mnyamata womunyamulira katundu. Komiti ya ukwati ikawerenga ndalama, gululo limagonja lisanaimbe n'komwe. Mwana amene akanaphunzira gitala kapena kusema ng'oma aona kuti njira yachidule ndiyo kusunga nyimbo mazanamazana m'kafulashi. Koma nyimbo zimenezo zili ndi eni ake, ena a iwo amasiye a oimba amene anatisiya. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama kwa oliza nyimbo pagulu ndi kuzipereka kwa amene anazipeka. Mwana wanu akadzakupemphani ndalama zogulira makina osakanizira, mumufunse ngati wawerengerako ndi za chiphaso cha bungwe limeneli, ndipo mumuuze akusakanizireni nyimbo ziwiri muli pomwepo, kabatani kaja atakatseka.