Zipangizo zogwirira nsalu posoka moyendetsa ndi manja

Zipangizo zogwirira nsalu posoka moyendetsa ndi manja ndi zinthu monga magolovesi, mkombero ndi mapini, zomwe wosoka amagwiritsa ntchito pamene makina asiya kukoka nsalu okha ndipo akuiyendetsa ndi iye mwini. Kasokedwe kameneka pa Chingerezi amakatchula kuti free-motion. Kamadziwika kwambiri posoka quilt, chomwe ndi chofunda cha nsalu zitatu zosanjikiza: yapamwamba, imene nthawi zambiri imakhala ya zigamba zolumikiza, yapansi, ndi thonje kapena bulangete lopyapyala pakati. Zofunda zoterezi sizofala m'midzi ya ku Malawi, koma luso lomwelo amaligwiritsa ntchito atelala potseka bowo pa thalauza kapena popeta maluwa pansalu.

Chifukwa chake nsalu imafuna kugwiridwa

Pa makina wamba nsalu imapanidwa ndi zinthu ziwiri. Pamwamba pali kaphazi kachitsulo koitsindira, pansi pali timano tomwe timakwera, kuikankhira kutsogolo, kutsika ndi kubwerera. Kayendedwe ka timanoti kanapangidwa ndi Allen B. Wilson wa ku America, amene analandira chiphaso cha luso lakelo mu 1854, ndipo makina ambiri a lero akutsatirabe njira yomweyo. Timanoti timayendetsa nsalu kutsogolo ndi kumbuyo basi. Wofuna kusoka mozungulira, ngati akujambula duwa kapena tsamba, amayenera kutitsitsa kapena kutiphimba.

Zikatero ntchito yonse ya timano ija imagwera manja. Kutalika kwa msoko sikudaliranso nambala yomwe yatcheredwa pa makina, koma kugwirizana kwa liwiro la singano ndi la manja. Mwachitsanzo, ngati singano ikubaya ka 600 pa mphindi imodzi ndipo nsalu yayenda mita imodzi ndi theka, msoko uliwonse umatalika mamilimita 2.5. Zala zikaterereka pang'ono, nsalu imaima pamene singano ikubayabe, ndipo ulusi umaunjikana malo amodzi. Zikagwiranso mwadzidzidzi, nsalu imadumpha n'kusiya msoko wautali, mwina singano kupindika kapena kuthyoka. Pa chitenje cha kasitomala, msoko wotere ukasomoledwa umasiya timabowo tooneka.

Mitundu ya zipangizo

Magolovesi ndi amene amatchuka kwambiri. Amakhala a nsalu yopyapyala, okhala ndi labala kunsonga za zala kapena pachikhatho. Wosoka safinya nsalu m'manja koma amangoika zikhatho zonse ziwiri pamwamba pake, china kumanzere china kumanja kwa singano, n'kumaisuntha. Popanda labalayo amakakamizika kutsindira ndi mphamvu, ndipo mapewa ndi khosi zimayamba kupweteka ntchito isanafike pakati. Ku America kuli magolovesi opangidwira ntchito imeneyi, monga a mtundu wa Machingers, koma ambiri amavala magolovesi wamba a kudimba okhala ndi timadontho ta labala, ndipo kusiyana kwake n'kochepa. Vuto la magolovesi n'lakuti amavuta kulowetsera ulusi pa singano, n'chifukwa chake ena amadula nsonga ya chala chachikulu ndi cha mkombaphala.

Mkombero ndi wakale kuposa magolovesi. Ndi mphete ziwiri za mtengo kapena pulasitiki, yaing'ono yolowa mu yaikulu, zomwe zimapana nsalu n'kuikunga ngati chikopa cha ng'oma. Posoka pamanja nsalu imakhala pamwamba pa mkombero, koma pa makina amautembenuza kuti nsaluyo igone pa thebulo la makina. Izi zili ndi chifukwa. Nsalu ikakhala m'malere imakwera limodzi ndi singano, ndiye chokowera cha pansi chimaphonya ulusi ndipo msoko umalumpha. Mkombero ndi wabwino kwambiri pa nsalu imodzi yopyapyala. Pa chofunda chochindikala umatopetsa, poti umafuna kumasulidwa ndi kusunthidwa kawirikawiri. Pofuna kupewa zimenezi kunabwera mphete yolemera yokutidwa ndi labala, yomwe imangoikidwa pamwamba pa nsalu osaipana.

Palinso kaphazi kapadera ka sipuling'i, komwe kamatsindira nsalu pamene singano yalowa n'kukwera singano ikatuluka, kuti nsalu ipeze mpata wosuntha. Ena amasoka atachotsa kaphazi konse, zomwe zimatheka ngati nsalu yakungidwa pa mkombero, koma singano imatsala poyera ndipo ngozi yobaya chala imakula. Ndi kaphazi kapena popanda, kachitsulo kotsitsira kaphazi kayenera kutsitsidwa. Kakakhala m'mwamba ulusi wapamwamba sukungika, ndipo kunsi kwa nsalu kumapangika chisa cha ulusi. Ophunzira ambiri amaimba mlandu bobini pamene vuto lili pamenepa.

Nsalu zitatu za chofunda zimayenera kugwirana zisanafike pa makina. Amazimanga ndi mapini otseka motalikirana pafupifupi masentimita 10, kapena ndi misoko yaitali yapamanja yomwe imachotsedwa pomaliza. Kunsi kwake, m'malo mogwira, pamafunika kuterera: ena amayala pepala la Teflon pa thebulo, ena amangolipukuta bwino.

Pa makina opalasa a ku Malawi

Pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Blantyre, monga Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka, atelala ambiri amasokera pa khonde la sitolo ndi makina opalasa ndi mapazi, monga a Singer ndi Butterfly. Makina amenewa amayenerana ndi kasokedweka kuposa mmene ambiri amaganizira. Mapazi ndi amene amalamulira liwiro, manja onse awiri amatsala a nsalu, ndipo magetsi akazima ntchito siima. Ena mwa makina akale alibe chotsitsira timano. Telala amaika nambala ya msoko pa 0, kapena kumata kakatoni kolimba pamwamba pa timano n'kubowola podutsa singano.

Ntchito yofala ndi yokonza zovala za kaunjika ndi mayunifolomu a sukulu: chigamba chimaikidwa kunsi kwa bowo, kenako nsalu imayendetsedwa uku ndi uku mpaka ulusi utatseka malowo. Zidutswa za zitenje zotsala podula madiresi zimathanso kulumikizidwa kukhala chofunda kapena chikwama.

Mdeka ili kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Shire, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri. Magolovesi ochindikala amadzetsa thukuta m'kanthawi kochepa, choncho tizidutswa tiwiri ta labala kapena siponji yopyapyala toika pansi pa zala timathandiza bwino. Labala yakuda iyenera kuyesedwa kaye pa kansalu kotsala, chifukwa ina imasiya zipsera pa nsalu yoyera. Thebulo la makina opalasa ndi laling'ono, ndipo chofunda chikalendewera pansi kulemera kwake kumakoka singano ngakhale manja agwire bwanji. Benchi kapena thebulo lina loikidwa kumanzere ndi kumbuyo kwa makina limanyamula mbali yotsalayo, komanso limaiteteza ku fumbi la pakhonde ndi ku lamba wa makina.